Fomu ya Mzere Umodzi

Bambo akhala akutsokomola kuyambira Juni.
Ku Parirenyatwa tinakhala pabenchi
mpaka dzuwa linachoka pazenera.
Ndinalumbira chamumtima: ndidzavala zoyera.

Lachiwiri, ku ofesi ya zitupa,
kalaliki anawabwezanso.
"Madala, munabadwira kuti?"
"Konkuno, ku Mbare."
"Nanga atate anu?"
Bambo anangofinya chipewa m'manja.
Ndinalumbiranso, koma zina.

Lero fomu ili pabondo
m'kombi ya ku Mount Pleasant,
ndipo mzere wolembapo ndi umodzi.
Chifuwa chawo chikufuna dokotala,
dzina lawo likufuna loya,
koma anabala ine ndekha.

Kondakitala akumenya chitseko: tsikani, mwafika.
Bolopeni ndaitafuna njira yonse.
Inki yandidetsa lilime,
pepala likadali mbee.