Lisanalire Belu

Belu la pasukulu pathu ku Matero
ndi limu la lole lolendewera mumtengo wa mango.
Likalira, Lweendo ankatseka makutu
n'kulowa kunsi kwa desiki ngati denga likugwa.
Anyamata ankati walodzedwa.
Azakhali ake anamutengera kumapemphero ausiku ku Chawama,
anabwerako mawu atasasa, iye ali chimodzimodzi.

Koma mufunseni za maminibasi:
nambala iliyonse yonyamuka pa Kulima Tower
ili m'mutu mwake, ndi kondakitala wake yemwe.

Ine zilembo zimandizemba.
Ndikangophethira, b ndi d asinthana malaya,
ndipo dzina loti waulesi ndalisenza kuyambira giredi 3.

Lachinayi lililonse tinkakumana m'labu, anthu asanu ndi awiri,
pakati pa mabotolo afumbi.
Zewelanji, amene mpando umamuwotcha pakatha mphindi zisanu,
ndiye anati: tikayankhule pa asembule.

Lolemba lija mawondo anga ankawombana.
Pepala ndinalipinda, silikanandithandiza.
Ndinangoti, "Ubongo si yunifomu,
sitinasokedwe ndi telala mmodzi."
Ena anaseka. Wina kumbuyo analira ngati mbuzi.
Ahedi anayang'ana wotchi.

Lusaka sitinamusinthe.
Koma Kasonde woimba belu,
yemwe uja ankatcha Lweendo chitsiru,
masiku ano amayamba wadzera pawindo la 11B
n'kukweza zala zitatu,
ziwiri,
chimodzi.

Lweendo amaika zikhatho kumakutu mosapupuluma,
maso ali pabuku,
chitsulo chisanamenye chitsulo.