Ndinafunsa Sitima ku Lilongwe

Ndinatsika basi ku depoti dzuwa lili paliwombo,
chikwama kukhwapa, kapepala ka Dziwenji m'thumba la malaya:
"Ababa, mukafika mufunse ya ku Eriya 25."
Ine zaka makumi atatu ndinazithera pa njanji ku Balaka,
kumanga mabawuti, kuzula udzu pakati pa zitsulo,
ndiye pakamwa pananditsogolera:
"Sitima yake timakwerera pati?"

Mnyamata wogulitsa mayunitsi anaseka mpaka kugwira nthiti.
"Madala, sitima yathu ndi iyo."
Analoza minibasi yosupuka penti,
chitseko chomangira waya,
woitanira akumenya denga ngati lamulakwira.

Ndinafunsa nthawi yonyamukira.
Akuti ikadzadza.
Ndinafunsa tikiti.
Akuti tikiti ndi nkhope yanuyo, taiona kale.

Anayi pampando wa atatu,
bondo langa likukankhana ndi thumba la kachewere la mayi wina,
tinaoloka mlatho pang'onopang'ono ngati tikuperekeza maliro.

Kwathu masiteshoni amabadwa motsatana ngati ana a mimba imodzi,
ukadutsa Nkaya sufunsanso munthu.
Kuno manambala anamwazikana ngati anapiye oona kabawi.
Apa akuti 4. Ndaphethira, akuti 15.
47 ili uko kuseri, 18 nayi,
30 yafika 25 isanaoneke.
Ndinasiya kuwerenga.
Anayala mzindawu ankawerenga ndi zala za yani?

Pa Kanengo mphepo inalowetsa fungo la fodya,
nkhokwe zazitali zija zitaima ngati zimphona.
Kenaka ndinaiona:
mizere iwiri, yofiirira, itagona m'udzu.
"Wotsika!"
Kondakitala anati simunafike, madala.
Ndinati ndafika.
Chenje changa anapita nacho.

Panalibe benchi, panalibe belu,
panalibe mayi wa mandasi woyang'ana kumene utsi utulukire.
Mabogi a katundu okha, zitseko zotseka,
akudikira osadandaula.
Mbuzi inkadya pamene ine ndikanapalira.

Ndinanjuta, ndinaika chikhatho pa chitsulo.
Chinali chotentha.
Ndinadikira kanthunthumira kaja
kamene kamafika sitima isanafike,
kamene ndinkakamva m'mano ndili mnyamata.
Zii.
Bawuti imodzi inali yokhwefuka.
Ndinaipotokola ndi zala, ngati zingathandize.

"Tipite, bwana?"
Wakabaza, dzina lake akuti Chikakuda,
buleki yake ndi chidendene.
Ananditenga kudutsa m'tinjira topanda dzina,
akuimba belu la njinga pa ngodya iliyonse,
ine kumbuyo ndikuwerenga mipanda ya njerwa
ngati mawindo a mabogi.

Dziwenji anali pa geti, foni kukhutu, nkhope itakwinyika.
"Maola atatu! Munasochera?"
Ndinati ayi.
Anabweretsa madzi m'beseni,
ndinayamba ndasamba dzanja lamanzere,
lamanja ndikulisunga pabondo,
dzimbiri la ku Kanengo likadali m'mizere ya chikhatho.