Danga la "Zina"

Anandipatsa mpando wapulasitiki, mapensulo awiri
ndi fomu ya mizeremizere,
amvekere: ukakhale potsikira mlatho, mbali ya kuboma,
uwerenge chilichonse chodutsa mpaka folo koloko.
Khonsolo ikufuna manambala,
msewu uno ukonzedwa chaka chamawa.

Danga loyamba, malole.
Lachiwiri, maminibasi.
Lachitatu, magalimoto ang'onoang'ono.
Lakumapeto, lopyapyala ngati chikhadabo,
analembapo kuti "zina".

Seveni isanakwane, "zina" zinali zitasefukira.

Che Twaibu a kabaza ndi "zina",
pakaliyala atakweza mayi woyembekezera
amene wagwira chishalo ndi manja onse awiri,
ulendo wa kusikelo.
Abiti Sumaili ndi "zina",
beseni la matemba pamutu, patapata kumanja
poti lamba wadukira kutsidya.
Ana asukulu asanu ndi awiri ondondozana,
mapewa akukhula zitsulo za m'mbali.
Matumba atatu a makala ochokera ku Chowe
panjinga imodzi yopanda mabuleki,
mwini wake akuimitsa ndi chidendene.

Kenaka lole ya simenti, hutala kuti pwiii!
Onse balala, kutsikira mumchenga.
Ndinalemba kamzere kamodzi m'danga la malole,
kowongoka bwino, kaulemu wake.
Anthu khumi ndi anayi amene anaipatukira
ndinasowa powaika.

Ndinatembenuza pepala.
Kuseri kunalibe mizere, kunalibe wondiletsa.

Masana phula linayamba kumata nsapato.
Mayi wina anaima, mwana kumsana, thukuta kamukamu:
"Mukulemba mayina a makuponi?"
Ayi mayi, ndikungowerenga.
"Mukatiwerenga mutipatsa chiyani?"
Ndinayang'ana pensulo yanga.

Anayankha ndi Che Mdoka, omata machubu patsinde pa nimu,
osadzutsa nkomwe mutu pabeseni la madzi:
"Mukawauze, msewu wawowu uli ndi pakati pokha.
M'mphepete mwanyenyeka ngati chigumu cha dzana.
Sitikupempha wathuwathu ayi,
mikono iwiri basi, uku ndi uku,
koma aikepo kakhoma.
Asadzangopaka penti.
Penti siibweza minibasi ikaona pasenjala."
Anakweza limu lopindika ngati nambala eyiti.
"Ili ndi la mwana wa mlongo wanga.
Njinga ndiwongola Loweruka.
Mwendo akuti tidikire."

Ndinalemba zimenezonso,
m'munsi mwa timizere mazana asanu ndi anayi,
ngakhale sizinali nambala.

Folo koloko a Likagwa a kukhonsolo anafika wapansi,
tayi ali m'thumba, kolala itanyowa.
Anawerenga kutsogolo, nagwedeza mutu: wagwira ntchito.
Ndinati, bwana, tembenuzani.
Anatembenuza. Anakhala chete kanthawi
ngati munthu amene wapeza ngongole yakale m'thumba la jekete.
"Zakuserizi kompyuta siilandira, mwanawe.
Ilibe danga lake."

Galimoto ya ofesi inalibe mafuta kuyambira Lolemba.
Anakodola kabaza.
Anabwera Che Twaibu omwe aja, ulendo wakhumi ndi chiwiri,
malaya atamatirira kumsana.
Bwana anakhala pakhushoni, fomu yanga kukhwapa,
mawondo tang'a, nsapato zikusakasaka popondera.

Sanafike ndi patali.
Basi ya ku Lilongwe inawauzira mpweya wotentha m'khutu,
tayala lakutsogolo linagwera pomwe phula linathera,
ndipo ndinaona a Likagwa akudumpha ndi mwendo umodzi mumchenga,
dzanja lina pa phewa la Che Twaibu,
lina litakweza pepala m'mwamba
ngati akuwoloka nalo Shire.

Sindikudziwa ngati kuseri kuja kudzafike pa tebulo la mapu.
Ndinabweza mpando kwa mlonda,
pensulo imodzi ndinaisunga.
Kwathu n'kutsidya.
Ndinakwera mlatho, phewa kuzitsulo,
ndipo pachikhatho panga, poti pepala linapita,
ndinalembapo timizere titatu:
Che Twaibu,
bwana,
ndi ine.