Katswiri wa Theka la Filimu

Ku Chawama, kuseri kwa chigayo cha a Njobvu,
kunali kanyumba ka malata
komwe Fakisoni ankatilipiritsa pakhomo
n'kutikhazika pa matabwa oluma matako.
Kanema mmodzi, bulangeti pazenera,
fungo la mapazi ndi chimanga chootcha.

Magetsi ankadziwa nthawi yake yozimira:
mnyamata uja atangomanga nsalu pamphumi,
mfuti itangoloza,
chitseko chitangoyamba kulira chokha.
Thii! Mdima.
Ndalama sindibweza, ankatero Fakisoni,
kadandauleni kwa eni nthambo.

Ndiye ine ndine katswiri wa theka la filimu.
Ndifunseni.

Za karate n'zokoma, sindikana,
koma anthu makumi awiri amadikiriranji pamzere
kuti amenyedwe mmodzimmodzi
ngati akulandira mankhwala ku kiliniki?
Pa msika wa Soweto wakuba sapatsidwa ulemu wotere.

Za makauboyi zinali za bambo anga.
Ankati mwamuna weniweni salankhula,
amangolavula n'kukonza chipewa.
Amayi, akusita, ankayankha kuti
n'chifukwa chake amagona kuthengo,
womumvera ndi hatchi yekha.

Zoopsa zija zinkandikwiyitsa.
Munthu wamva kubuula m'chipinda chapansi,
watenga tochi, akuti akaone.
Ife tonse: Usapite, iwe! Bwerera!
Samva.
Mwana wa ku Chawama bwenzi atafika kale ku Kafue,
nsapato zili m'manja.

Za ku Nigeria, apongozi a maso ofiira,
gawo loyamba, lachiwiri, lachitatu,
zosatha ngati ngongole ya katapila.

Za ku India ndinkazinyoza pagulu.
Awiri akulira mvula ikuwakhuthukira,
mwadzidzidzi mudzi wonse ukuvina mofanana,
anaphunzira liti, kumunda amapita liti?
Koma Tisiyenji ankazikonda.
Ndinkalipira za anthu awiri,
ndipo mdima ukagwa
sindinkakhala m'gulu la otukwana Fakisoni.

Mathero tinkapanga tokha pobwerera,
tikulumpha zithaphwi, tikuponda pa miyala.
Ganizani ankapha aliyense, ndi galu yemwe.
Tisiyenji ankakwatitsa aliyense,
ngakhale chigawenga ankachipezera mkazi wopirira.
Ine ndinkangoti mnyamata uja anatopa,
anatsegula kagolosale, amagulitsa sopo.
Filimu imodzi, mathero asanu ndi awiri,
ndewu mpaka pa mpopi.

Tisiyenji anakwera basi ya ku Kitwe chaka cha kolera.
Anati abwera Isitala.
Imeneyonso magetsi anazima pakati.

Mwezi watha mwana wanga Tionenji
anandikokera ku Manda Hill.
Mipando yofewa ngati ya bwana,
mphepo yozizira yochokera kudenga,
mbuliwuli za mtengo wa thumba la makala.
Anthu ovala malaya a chitsulo ankauluka,
nyumba zosanja zikugwa ngati zidina zosawotcha,
palibe ndi mmodzi yemwe wofunsa kuti akonza ndani.
Ndinadikira mdima. Sunabwere.
Ndinaona zonse, mpaka mayina akukwera khoma.
Wabwino anapambana, woipa anagwa,
mtsikana anamwetulira pomwe amayenera kumwetulira.
Mathero amodzi okha,
anthu mazana awiri n'kuwagawana mwakachetechete.

Mwaiona bwanji, adadi?

Ndinati inali bwino,
koma yatalika ndi theka.
Anaseka, anati ndakalamba,
anati zakale zija ndi utsi ndi zingwe zooneka.
N'zoona. Zingwe tinkaziona.
Tinkaonanso mutu wa Ganizani pakona ya chithunzi.

M'minibasi, kondakitala akukangana ndi mayi wa tomato za chenji,
ndinatseka maso pa Kamwala
n'kuibweza filimu ija pomwe chitsulo chinang'aluka,
mnyamata ali chagada, mpweya ukumuthera.
Pamenepo ndinazimitsa ndekha.

Pofika pa chigayo, chomwe tsopano ndi tchalitchi,
ndinali nditampezera kale malo ku Kitwe,
kashopu kakang'ono koyang'ana pa siteshoni,
akuwerenga aliyense wotsika basi.