Mzere wa Inki pa Chikope

Ku Leicester, m'chipinda chonunkhira maluwa osaoneka,
Dokotala Rastogi anandigwira chikope ndi zala ziwiri
ngati akupima nsalu pamsika,
n'kuchinyamula.
Chipinda chinakula.
Ndinaona denga, ndi kangaude pakona
amene wosesa wawo anamuphonya.

Njira zilipo, anatero.
Jakisoni wa pamphumi amakokera nsidze m'mwamba,
koma ndi wobwereka, miyezi inayi wabweza.
Pansi pa diso pomwe pakumbikapa timathirapo mankhwala.
Zodzola ziliponso, koma musadzinamize nazo.
Chenicheni ndi mpeni.
Tidula kachikopa konga khoko la nyemba,
ulusi tichotsa pakatha sabata,
chipsera chibisala mu mpindiro, palibe adzadziwe.

Mapaundi zikwi zitatu ndi mazana awiri.
Ndinasintha m'makwacha pafoni,
maziro anandandalika ngati anthu pamzere wa shuga.
Amenewo ndi malata a nyumba ya ku Chilomoni,
ndi fizi ya Lonjezo mpaka amalize.
Wa chipatala cha boma anali atandifunsa kale,
msewu mukuuona? Ndiye si matenda.

Koma iye samva zomwe ndimamva ine.
Mwatopa, Feliya? Simunagone?
Ngakhale tsiku lomwe ndagona mpaka dzuwa kupendeka.
Zaka khumi ndi zinayi za ntchito ya usiku,
kutembenuza nkhalamba za eni,
zinasowa pokhala, zinadzakhala pamaso.

Anatenga cholembera chofiirira
n'kujambula podzadula, uku ndi uku.
Atandipatsa galasi
ndinakumana ndi bambo anga.

Anali telala wa pakhonde ku Limbe,
zikope zolemera, zogwera pamaso,
odutsa n'kumati mdala akuwodzera pamakina,
chonsecho ulusi unkalowa pa singano ulendo umodzi.
Ankalemba ndi choko, n'kuika sizasi pansi,
n'kupita kukamwa tiyi.
Nsalu ukaidula, ankatero, sipepeseka.

Anamwalira ndilibe mapepala.
Maliro ndinaonera pafoni, m'chimbudzi cha kuntchito,
mpopi ndili wotsegula kuti asandimve.
Makina anatenga achimwene, sizasi inasowa.
Ine changa ndi ichi,
chimene munthu wachizungulira ndi inki
n'kuchiikira mtengo wochichotsera.

Ndikaganize kaye, ndinatero.
Anamwetulira, maso ake osalala ngati a mwana.

M'basi ya ku Oadby mvula ikukanda zenera,
kamtsikana kanandiyang'anitsitsa mpaka mayi ake kukatsina.
Pepala la mitengo sindinataye, ndisaname.
Lili m'chikwama, lopinda kanayi, pafupi ndi pasipoti.
Denga lija ndikulifunabe.
Ndikufuna tsiku limodzi lokha
loti munthu andipatse moni osandimvera chisoni.

Usiku, ndikuwakonzera pilo Mayi Pendlebury,
amene dzina langa amaliiwala tsiku ndi tsiku,
anakweza chala chonjenjemera
n'kutsata mzere womwe sopo anaulephera.
Zikope zawo zinagwa kalekale,
amandiyang'anira pansi pake ngati pansi pa khonde.
Wakulemba ndani, mwanawe?

Telala, ndinayankha.

Nanga adula liti?

Apita kukamwa tiyi.