Ya ku Tsangano, pa Giya Woyamba

Ndinaigula itagona pa njerwa zinayi
kuseri kwa chigayo cha pa Biliwiri,
thadzi likuikira mazira pampando wa dalaivala.
Mwini wake anandipatsa thadzilo ngati basela,
manyazi atamugwira powerenga ndalama zanga.

Pikapu yondiposa zaka.
Boneti yofiira, chitseko chimodzi chobiriwira,
dzimbiri litaidya m'nthiti
moti ukayang'ana pansi umaona msewu ukuthawa.

A Ngozo, makaniko wa pa Lizulu,
anaizungulira katatu osanena kanthu,
nagogoda chasisi ndi sipanala
ngati munthu wosankha dzungu pamsika.
Mafupa alipo, anatero,
koma miyendo ndi ya m'tauni.
Ukufuna ipite kuti?

Ku Tsangano, ndinayankha. Mwezi wa Febuluwale.
Kumene kachewere amaolera m'matumba
poti malole amaopa matope.

Anaseka mpaka fodya anawagwa pakamwa.

Tinayamba ndi masipuling'i.
Tinagwetsa akale, otopa ngati msana wa wosenza nkhuni,
tinawonjeza zitsulo ziwiri mbali iliyonse,
zogulidwa pa lole ina yofera pa Kampepuza.
Galimoto inadzuka zala zisanu,
niyamba kuyang'ana anzake ndi mphuno.
Matayala anachokera kutsidya kwa malire,
a mano akuluakulu, atatu ofanana,
lachinayi mlendo wosadziwika kwawo.
Kumimba tinaiwotcherera chitsulo cha mgolo
kuti miyala isabowole mphika wa oyilo.
Paipi yopumira tinaikweza mpaka kudenga
ngati khosi la tsekwe.
Bampala? Njanji yakale.
Osafunsa.

Milungu isanu ndi iwiri.
Mbuzi zanga zitatu zinasanduka mabawuti.
Nasibeko analeka kundifunsa za malata a nyumba,
nayamba kuitchula mkazi mnzake,
namandiuza kuti ndikadye komweko.

Tsiku loyesa kunali nkhungu yoti sungaone chala chako.
A Ngozo pambali panga, khasu ndi tcheni kumbuyo.
Tinasiya tala. Dothi lofiira linatilandira,
loterera ngati therere la dzulo.
Giya woyamba. Injini ikubangula,
chiwongolero chikundimenya m'manja ngati mlamba,
matako a galimoto akuvina ingoma yawoyawo.
Chitunda choyamba tinakwera.
Chachiwiri tinakwera chammbali ngati nkhanu,
ana akuthamangira m'mbuyo, akukuwa,
ine mtima uli m'kamwa,
ndikumva kukula.

Kenaka dambo lija la kuseri kwa tchalitchi.
Madzi ake anaoneka aulemu.
Tinalowa.
Matayala onse anayi, ngakhale mlendo uja,
anakumba manda awo mwakhama,
ndipo njanji yathu inapsompsona matope.

Zii.
Achule okha.

Anatikoka ndani?
Kamnyamata kovala thumba la feteleza kumutu,
dzina lake Mavuto ayi, akuti Zondiwe,
ndi ng'ombe ziwiri za ngolo,
Bantomu ndi Sitima,
zopanda masipuling'i, zopanda dizilo.
Kanaliza likhweru kamodzi, tcheni inalira,
ndipo milungu yanga isanu ndi iwiri
inatuluka m'thope chambuyo ngati mwana wobadwa mokhota.

Kanakana ndalama.
Kanangoti, mawa muzidzera kumanzere kwa mtengo wa katope,
kumeneko pansi pali mwala.

A Ngozo anapukuta magalasi awo ndi malaya.
Chimenecho, anatero, sindikanatha kuwotcherera.

Lero ndatsika ndi matumba khumi ndi anayi,
kabichi pamwamba, ndi mayi wina wodwala mwendo
amene anadikira galimoto masiku atatu.
Chitseko chobiriwira ndimachimangabe ndi waya.
Pofika padambo paja ndimatsitsa galasi,
ndimadzera kumanzere,
ndipo ndikaziona zikudya msipu chapatali
ndimaziimbira hutala kawiri.

Sizidzutsa n'komwe mitu.