Mayi Sikelo wa ku Joal

Amanditcha Mayi Sikelo.
Dzina langa ndi Gnilane Diouf, koma padoko la Joal
ndani ali ndi nthawi ya mayina
bwato likagunda mchenga?

Ndimafika mzikiti usanaitane,
kope m'jumbo, pensulo pakhosi,
thabwa la masentimita m'khwapa.
Nsomba ndimaigoneka ngati khanda la kusikelo,
mlomo kuno, mchira uko,
n'kulemba.

Chaka chimene ndinayamba ntchitoyi
yaboyi ankapitirira chikhatho changa ndi zala zinayi.
Lero chikhatho chimam'phimba yense.
Ukam'finya pamimba, dzira ngakhale limodzi:
tikuwamba ana asanathe msinkhu.

Asodzi ena amandibisira malichero.
Akuti manambala anga amakwera basi ya ku Dakar
n'kubwerako atavala yunifolomu.
Sindikana. Ena amabweradi choncho.
Ena amagona m'kabati mpaka chiswe chitawawerenga.

Msonkhano tinachitira m'kalasi ya ana,
akuluakulu mawondo ali m'zibwano.
Mnyamata wa ku unduna anapachika mapu pabolodi,
nyanja yonse ili m'mizeremizere ngati munda wogawana amasiye.
Anati: miyezi iwiri, pano mpaka apa, khoka lisalowe.
Diso la ukonde lilowe zala ziwiri.

Phee.

Kenako Ngor Sène, wa chala chodulidwa ndi chingwe, anaimirira.
"Titseke ife. Chabwino.
Nanga mudzi uja umayaka usiku kuseri kwa mafunde?
Sitima zija zimakokolola pansi ngati tsache,
zimawerenga mapu anuwa?
Nanga fakitale yopera nsomba kuti zikadyetse nsomba zinzake kutsidya,
mwaiyeza diso?"

Mnyamata anayang'ana nsapato zake.
Ine ndinatsegula kope.
Sindinalalikire. Ndinangowerenga bwato lake lomwe,
Lachiwiri ndi Lachiwiri, zaka zisanu ndi ziwiri:
mabokosi makumi anayi,
makumi atatu ndi limodzi,
khumi ndi asanu ndi atatu,
asanu ndi anayi.
Pa asanu ndi anayi anakhala pansi.
Wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu limawawabe.

Tinatseka, titapereka mawu athu:
bwato lolondera lipatsidwe mafuta, osati malonjezo,
amayi owamba akhale ndi mipando iwiri m'komiti,
ndipo manambala akapita ku Dakar
abwerere kuno kudzatiuza zimene akaona.

Miyezi iwiri ndi yaitali poto akamakuyang'ana.
Mauvuni a Yandé anazizira mpaka mphaka kugonamo.
Wina anagwidwa usiku ndi ukonde wa udzudzu,
anali mwana wa azakhali anga,
ndinam'lemba.
Maliro awiri adutsa osandipatsa moni.

M'kope langa muli mzere wa kulemera,
wa mtundu, wa utali, wa malita a petulo.
Mulibe mzere wa Latyr, mlongo wanga,
amene anagulitsa injini yake
n'kukwera bwato lopanda ukonde, lodzaza anthu,
lolowera ku zilumba za Kanari.
Tsiku limenelo ndinalemba kuti: bwato silinatuluke.
Linali bodza loyamba la pensulo yanga.

Dzulo tinatsegula.
Musayembekezere nyimbo. Mabokosi anali khumi ndi limodzi,
ndipo nyali zija zikuyakabe kuseri kwa mafunde,
ngakhale zasunthira kutali pang'ono,
kapena ndi maso angawa.

Koma Ngor anabwera yekha, osaitanidwa,
atanyamula yaboyi mmodzi m'manja awiri.
Anam'goneka pathabwa.
Mchira unadutsa pamene pensulo inazolowera kuima.
Ndinafinya pamimba pang'onopang'ono:
mazira, achikasu, thothotho.

"Lemba," anatero.
"Ulembe bwino, a ku Dakar asanene kuti tinalota."

Ndinanyowetsa pensulo palilime.
Inali ya mchere.